Ganyu wa masiku ano akufuna pepala

Amayi a pampando, amayi anzathu ochokera ku Lilongwe, Blantyre, Chipata, Lusaka, Tete ndi Johannesburg, komanso inu atsikana athu amene mwayamba kuponya nafe chaka chino, landirani moni wa amayi a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Glen View. Pa tsiku lachikumbutso cha gulu lathu mwatipatsa mphindi zochepa, choncho tilankhula nkhani imodzi yokha: maganyu ndi msonkho.

Makolo athu atabwera kuchokera ku Nyasaland, ambiri analembedwa ntchito m'migodi, m'mapulazi, m'mafakitale ndi ku khonsolo. Malipiro anali ochepa, koma munthu ankadziwa kuti bwana wake ndani. Ife ntchito zotere tangozimvera. Timagulitsa pa Mbare Musika ndi pa Mupedzanhamo, timasoka, timaphikira maukwati, timaluka tsitsi, timachapa m'maofesi. Anzathu Achishona amati maricho, ife timati ganyu. Kwa zaka zambiri ganyu ankayenda pakamwa: tagwirizana, ndagwira, ndalandira. Lero boma ndi makampani akufunsa funso limene kale kunalibe: mayi, kodi ndinu wantchito kapena mwini bizinesi? Yankho lake ndi limene likunena amene alipire msonkho, ndiponso amene atisamale tikadwala.

Tiyambe ndi ana athu. Pa 17 July 2015 khoti lalikulu la Supreme linagamula mlandu wa Zuva Petroleum, n'kunena kuti wolemba ntchito akhoza kuchotsa munthu pongomupatsa notisi. M'masabata ochepa anthu zikwizikwi anachotsedwa, mpaka nyumba ya malamulo inasintha lamulo la ntchito chaka chomwecho. Koma ntchito zokhazikika sizinabwerere. Lero mwana akati wapeza ntchito, mufunseni bwino. Kawirikawiri amupatsa kontirakiti ya mwezi umodzi kapena itatu, kapena amuuza kuti ndi wodziyimira payekha, azingobweretsa invoisi. Komatu amalowa nthawi imene auzidwa, amavala yunifolomu ya kampani, amagwiritsa ntchito zipangizo za kampani, ndipo sangagwirire wina. Ameneyo ndi wantchito amene amuvula dzina. Dzinalo likachoka, zimachoka nazo ndi zopereka za penshoni ku NSSA, tchuthi, ndi masiku 98 a malipiro athunthu amene lamulo limapatsa mayi wopita kukabereka.

Amayi, lamulo la ntchito la kuno lili ndi mawu oti tiziwadziwa pamtima. Waganyu akagwira kwa bwana mmodzi kupitirira masabata asanu ndi limodzi m'miyezi inayi yotsatizana, lamulo limamuwerengera ngati wantchito wokhazikika. Tiwauze ana athu azilemba masiku amene agwira, azisunga mameseji ndi mapepala a malipiro. Safunsa anadya phula.

Tsopano tibwere kwa ife amene tilidi eni bizinesi. Kampani kapena ofesi ya boma ikagula kwa munthu amene alibe tax clearance, pepala lija la ZIMRA lotchedwa ITF 263, lamulo limaikakamiza kudula ndalama pa malipiro ake n'kuzitumiza ku ZIMRA. Kale ankadula 10 pa 100 iliyonse. Kuyambira January 2022 akudula 30. Tiwerengere limodzi. Tinene kuti mwapeza oda yosoka maovololo ya madola 2,000. Nsalu, ulusi, mabatani ndi atsikana okuthandizani zadya 1,200. Mukuyembekezera phindu la 800. Popanda pepala adula 600, mutsala ndi 200. Sadula pa phindu ayi, amadula pa ndalama yonse. Zoona, ndalamayo imasungidwa m'dzina lanu ngati msonkho wolipiriratu, koma amene sanalembetse aifikira bwanji? Ndipo makampani ambiri safuna n'komwe chintchito chodula. Amangofunsa pepala, likasowa oda ipita kwa wina.

Asatinamize munthu kuti sitilipira msonkho. Msonkho woyerekeza, umene amati presumptive tax, unayamba mu 2005. Mu October 2018 nduna ya zachuma a Mthuli Ncube anayika masenti awiri pa dola iliyonse yotumizidwa pafoni kapena kubanki. Pachipata cha Beitbridge, Chirundu ndi Nyamapanda timalipira. Pamsika timalipira malo. Kumayambiriro kwa 2024 kunabweranso lamulo loti wogula katundu molunjika kwa opanga akhale wolembetsa msonkho. Analifewetsa anthu atadandaula, koma linationetsa kumene mphepo ikulowera. Ngakhale ku Britain, kumene kuli abale athu ena, kuyambira April 2021 makampani akuluakulu ndi amene amagamula ngati munthu wa kontirakiti ali wantchito pa nkhani ya msonkho, pansi pa malamulo otchedwa IR35. Maboma onse akufuna kudziwa kuti ndani ndi ndani.

Tikudziwa chifukwa chake ena a ife timaopa maofesi. Tinakula tikuona zitupa za makolo athu zolembedwa kuti ndi alendo, ngakhale anabadwira konkuno. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndi amene anavomereza kuti wobadwira m'Zimbabwe kwa kholo lochokera m'dziko la SADC ndi nzika. Tikukumbukiranso Murambatsvina wa 2005, pamene misika ndi nyumba zinagwetsedwa. Mantha amenewo ali ndi chifukwa. Koma kubisala kumene kunapulumutsa amayi athu kukutitayitsa maoda ife.

Ndiye amayi a ku Harare tabwera ndi zopempha zinayi.

Choyamba, nthambi iliyonse isankhe mayi mmodzi kapena mtsikana wodziwa foni ndi kompyuta, aphunzire kalembetsedwe ka msonkho m'dziko lake. Kuno ZIMRA inayambitsa njira yatsopano yochitira zinthu izi pa intaneti mu 2023, ndipo aliyense wolembetsa amalandira nambala yotchedwa TIN. Ku Malawi kuli MRA, ku Zambia ZRA, ku South Africa SARS. Malamulo ndi osiyana, choncho tisamapatsane malangizo a dziko lina ngati kuti ndi a kwathu.

Chachiwiri, pepala lili ndi katundu wake. Wolembetsa ayenera kumapereka malipoti pa nthawi yake, apo ayi chindapusa chimamudikira. Choncho asathamangire aliyense. Wogulitsa tomato patebulo ayambe ndi kabuku kolemba zogula ndi zogulitsa. Amene akufuna maoda a makampani, masukulu ndi mabungwe, ameneyo pepala ndi lofunika, ndipo osoka angapo akhoza kuganiza zolembetsa pamodzi.

Chachitatu, m'chipereganyu chathu, chimene kuno amati mukando, ku Zambia chilimba, ku South Africa stokvel, titsegule thumba la msonkho. Mayi akalandira malipiro a oda, gawo la boma aliyike padera tsiku lomwelo, lisasakanikirane ndi mpamba.

Chachinayi, tilimbitse thumba la matenda, uchembere ndi ngozi. Moto umene unapsereza Mbare Musika mu October 2024 unatikumbutsa kuti wodziyimira payekha alibe bwana womulipira katundu akapsa. Zimene kampani imachitira wantchito wake, kwa ife zichitidwe ndi gulu.

Ganyu satha, amayi. Chimene chikutha ndi ganyu wapakamwa. Ana athu amene ali antchito atchedwe antchito, alandire zawo. Ife amene tili eni bizinesi tikhale ndi mabuku ndi mapepala otsimikizira zimenezo. Tikupempha amayi a pampando kuti zopempha zinayizi zilowe m'maminitsi, ndipo nthambi iliyonse idzafotokoze pa msonkhano wotsatira pamene yafika.