Liwu Limodzi, Akatundu Ambiri: "Charge"

Ophunzira Chingerezi amadandaula kaŵirikaŵiri kuti liwu lomwelo limatanthauza china kumsika, china kuchipatala, chinanso kubwalo la milandu. Limodzi mwa mawu otere ndi "charge", limene ndi m'Chicheŵa momwe linaloŵa kale, pakuti anthu amati "kutchaja".

Liwuli Angerezi analitenga ku Chifalansa, chinenero chimene chinakhala cha mafumu ndi oweruza ku England anthu a ku Normandy atagonjetsa dzikolo m'chaka cha 1066. Afalansa nawonso analilandira kuchokera ku Chilatini, m'mene "carrus" ndi ngolo, ndipo "carricare" ndi kupakira katundu m'ngolomo. Mawu akuti "car", "cargo" ndi "carry" ndi a mbumba yomweyo. Tsono tanthauzo lenileni la "charge" ndilo kusenzetsa katundu, ndipo munthu wogwira mfundo imeneyi sasochera pa matanthauzo enawo.

Wogulitsa akanena kuti "I will charge you fifty kwacha", wasenzetsa wogula mtengo wakuti alipire. Chinthu cholembedwa kuti "free of charge" chilibe mtolo umenewu: nchaulere. Kuchipatala, "the nurse in charge" ndiye namwino amene wasenza udindo woyang'anira chipinda cha odwala. Batire nalonso amalitchaja, ndiko kulidzaza mphamvu ya magetsi monga momwe amadzazira ngolo. Mmodzi mwa anthu oyamba kugwiritsa ntchito liwuli pa zamagetsi anali Benjamin Franklin wa ku Philadelphia, m'zaka za m'ma 1740. Njati yolusa ikamathamangira mlenje ndi thupi lake lonse lolemeralo, Mngerezi amati "the buffalo is charging". Kutula katundu ndiye "discharge", ndipo nchifukwa chake liwuli limamveka sitima ikamatsitsa katundu padoko, wodwala akamatulutsidwa m'chipatala, ngakhalenso bwalo likamamasula munthu.

Koma malo amene liwuli liyenera kumvetsedwa bwino koposa ndi kupolisi. Wapolisi akanena kuti "You are charged with theft", sakunena za ndalama ai. Akunena kuti munthuyo wasenzetsedwa mlandu wakuba, ndipo pepala lolembapo mlanduwo ndilo "charge sheet". Munthu amene anazoloŵera "kutchaja" kwa kumsika angathe kuyamba kupisa m'thumba, kapena kutuma abale kuti akagulitse mbuzi, poganiza kuti akufunsidwa malipiro. Kumeneko ndi kudzitayitsa chuma, ndiponso kudziika pa mlandu wina wa ziphuphu. Ndalama zimene bwalo limalamula wolakwa kuti alipire zili ndi dzina lakelake, "fine", ndicho chindapusa, ndipo belo ya kupolisi ku Malaŵi ndi yaulere.

Chachiŵiri nchakuti kusenzetsedwa mlandu si kupezeka wolakwa. "Charged" ndi woimbidwa mlandu. "Convicted" ndi amene bwalo lamupeza wolakwa litamva umboni. Pakati pa mawu aŵiriŵa pali ufulu wa munthu. Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi, a m'chaka cha 1994, amanena m'gawo 42 kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake m'chinenero chimene amamva, ndi kuti aonekere kubwalo pasanathe maola 48 kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chomusungirabe. Tsikulo likagwera pamene mabwalo sagwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene atsegula.

Nanga womvera angazindikire bwanji tanthauzo loyenera? Atchere khutu ku timawu totsagana nalo. "Charge for" ndi za mtengo, "charge with" kaŵirikaŵiri ndi za mlandu, "in charge of" ndi za udindo, ndipo "charge at" ndi kuthamangira mdani. Pamene timawuti sitinamveke bwino, makamaka pepala lofuna kusayina lili patebulo, munthu apemphe womasulira mopanda manyazi. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.