Tigule sefa iti ya madzi pa galimoto yathu ya ulendo?

 Galimoto imene tikupita nayo ku Cape Maclear ili ndi thanki ya madzi, ndipo m'njiramo tizidzaza paliponse pomwe tapeza mjigo kapena mpopi. Nanga madzi amenewo tizimwa choncho? Kolera ya 2022 mpaka 2023 tonse tikuikumbukira.

Masefatu si amodzi. Pali sefa yogwira matope ndi mchenga, imene nthawi zambiri imalembedwa 5 micron. Madzi amatuluka oyera bwino, koma tizilombo timadutsa. Pali ina ya makala: imachotsa fungo ndi kakomedwe koipa, koma siipha tizilombo. Yomwe imatsekereza mabakiteriya, kuphatikizapo a kolera, ndi ya timabowo ta 0.2 micron kapena tocheperapo. Ndiye mukalowa m'sitolo, osatengeka ndi kukongola kwa katoni, werengani nambalayo.

Komabe mavairasi ndi ang'ono zedi, amatha kudutsa ngakhale pamenepo. Choncho maganizo anga ndi awa: sefa ya matope ikhale polowera madzi m'thanki, m'thankimo tizithira WaterGuard n'kudikira mphindi 30, kenako sefa ya 0.2 micron ndi ya makala zikhale pa mpopi womwera. Ya makalayo ikhale kumapeto ndithu, chifukwa imachotsa klorini. Mukaiika kumayambiriro, palibe chomwe yatithandiza pa fungo la mankhwalawo.

Ndalama zikapelewera, tigule ya 0.2 micron ndi WaterGuard basi. Sefa ikang'aluka m'njira, tiziwiritsa madzi. Tipite athanzi, tibwere athanzi.