Malasha a ku Maamba ndi Udzu wa m'Chigwa

Ena mwa magetsi amene amafika mu Lusaka amachokera ku Maamba, m'boma la Sinazongwe, kumene chiyambire 2016 amawapanga potentha malasha amiyala. Malasha amenewa si a pambaula ayi. Amakumbidwa m'dzenje lalikulu. Makina asanawafike, amayamba asenda dothi lapamwamba, losunga mbewu ndi mizu ya udzu. Chigwa cha Gwembe n'chouma, motero dothi lotere limatenga zaka zambirimbiri kuti libwerere. Miyala yotayidwa ili ndi sulufule: milu yake imafuka yokha, ndipo mvula ikagwa, madzi owawasa amatsikira m'mitsinje momwe ng'ombe zimamwa. Tsono jambulani dzenje, mulu ndi mtsinje m'makope mwanu, muonetse kumene madziwo akulowera.