Yisiti Wakuthengo Amene Anabwereka Chibadwa kwa Anansi

Akuluakulu amati make mbuu, mwana mbuu, kutanthauza kuti mwana amatengera kwa makolo ake. Mawu amenewa ndi oona kwa anthu, ziweto ndi mbewu. Koma lero tikamba za kanthu kamoyo kamene nthawi zina kamatenga chibadwa kwa mnansi amene si mbale wake konse. Kanthu kameneka ndi yisiti.

Yisiti mumamudziwa, chifukwa ndiye amafufumitsa mkate ndi kusandutsa shuga wa m'chimera kukhala mowa. Ndi kamoyo kakang'ono zedi kosaoneka ndi maso, ka m'banja la bowa. Kuthengo kuli mitundu yambirimbiri ya yisiti, m'zipatso, m'makungwa a mitengo, m'maluwa ndi m'matumbo a tizilombo touluka.

M'thupi mwa chamoyo chilichonse muli malangizo otchedwa majini, amene amalamulira chimene chamoyocho chingadye ndi chimene chingapange. Akatswiri akawerenga majini a yisiti, nthawi zina amapeza ena amene safanana ndi a yisiti mnzake, koma amafanana kwambiri ndi a mabakiteriya. Apo ndi pamene amazindikira kuti majiniwo anachita kubwera kuchokera kunja.

Taganizani za gulu la yisiti wotchedwa Wickerhamiella ndi Starmerella, amene ambiri a iwo amakhala m'timadzi totsekemera ta m'maluwa ndi m'njuchi zimene zimayendera maluwawo. M'chaka cha 2018, Carla Gonçalves ndi anzake a ku Portugal anaonetsa kuti makolo akale a gululi anataya majini ofunika popanga mowa. Patapita mibadwo yambiri, zidzukulu zake zina zinalandira majini a ntchito yomweyo kuchokera kwa mabakiteriya, ndipo zinayambanso kuwiritsa shuga. Moto utazima m'nyumba mwawo, anakaupala kwa mnansi.

M'chaka cha 2019, akatswiri a pa University of Wisconsin-Madison ku America anapezanso chodabwitsa china m'gulu lomweli. Yisiti wina anatenga mpukutu wathunthu wa majini a mabakiteriya, opangira mankhwala okoka ayironi. Pafupifupi chamoyo chilichonse chimafuna ayironi, koma kumene yisiti amakhala mchere umenewu umapezeka movuta. Wokhala ndi majini amenewa amautola msanga, motero amachulukana kuposa anzake.

Yisiti wofululira vinyo nayenso ali ndi mbiri yotere. M'chaka cha 2009, akatswiri a ku France atawerenga majini a mtundu wotchedwa EC1118, anapezamo zigawo zitatu zochokera kwa mitundu ina ya yisiti. Pofika 2015, zinadziwika kuti ena mwa majiniwo anachokera kwa Torulaspora microellipsoides, ndipo amathandiza yisitiyo kuyamwa tizidutswa ta mapuloteni m'madzi a mphesa, mmene nayitrojeni amaperewera.

Tisaganize kuti yisiti amasankha dala chimene akufuna. Jini imalowa mwangozi, ndipo kawirikawiri imangotayika. Imakhazikika pokhapokha ngati yathandiza mwini wake watsopano kupeza chakudya pamalo ovuta, pakuti iyeyo ndiye amasiya ana ambiri.

Mwina mukufunsa kuti nkhaniyi ikutikhudza bwanji ife. Zimene zimachitika mwa apo ndi apo kwa yisiti, kwa mabakiteriya zimachitika kawirikawiri. M'chaka cha 1959, madokotala a ku Japan anaonetsa kuti mphamvu yopirira mankhwala imatha kudumpha kuchoka kwa mtundu wina wa mabakiteriya kupita kwa wina, kuphatikizapo oyambitsa kamwazi. Tikamwa mankhwala opha mabakiteriya mosayenera, timasiya olimba okhaokha, amene angagawire anzawo mphamvu imeneyo. Choncho imwani mankhwala otere pokhapokha adokotala atakulemberani, ndipo tsatirani malangizo awo onse.