Tisanagule Kompyuta ya Situdiyo, Timvane Kaye

Mwandipempha kuti ndiyankhulepo za kompyuta imene tikufuna kugula yojambulira nyimbo. Ndalama tasonkhazi si zotola ayi. Ena mwazipeza pothyola tiyi ku esiteti, ena pa kabaza, ena pogulitsa nthochi. Tikagula chinthu cholakwika palibe wotibwezera, ndiye tiyeni tidekhe.

Poyamba, bwanji desktop osati laputopu? Pa ndalama yofanana, desktop imakhala yamphamvu kuposa laputopu. Imatseguka mosavuta, ndipo ukhoza kusintha kachipangizo kamodzi osataya makina onse. Komanso tinene zoona, laputopu imayenda. Lero wabwereka uyu, mawa ili ku Luchenza. Desktop imakhala pamene mwaiika.

Sitikufunika yatsopano. Ku Limbe ndi ku Blantyre amagulitsa makompyuta ogwiritsidwapo ntchito m'maofesi akunja, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Amenewa ndi olimba ndipo zipangizo zake zimapezeka. Koma pogula muyang'ane zinthu zitatu.

Choyamba ndi purosesa. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i7, bwana", musathamangire kutulutsa ndalama. Funsani nambala yonse. Nambala yoyamba ikusonyeza m'badwo wake: i7-2600 ndi ya m'badwo wachiwiri, ya 2011, pamene i5-8500 ndi ya m'badwo wa 8, ya 2018. I5 imeneyi ili ndi ma core 6, i7 ija ili ndi 4 okha, ndiye wamng'ono dzina ndi amene akuposa. Palinso chifukwa china. Microsoft inaika 14 Okutobala 2025 kukhala tsiku losiya kusamalira Windows 10, ndipo Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Thumba likalola, tiyambire pamenepo.

Chachiwiri ndi RAM. Imeneyi ili ngati tebulo logwirirapo ntchito: likachepa, zinthu zimagwa. 4 GB ndi yochepa. 8 GB tikhoza kuyamba nayo, koma mukachulukitsa ma plugin, piyano apa, ng'oma apo, mawu a kwaya yonse pamwamba, mufunika 16 GB. Ubwino wake RAM imawonjezereka. Tsegulani bokosilo muone ngati pali malo otsala. Ndipo musamale: DDR3 ndi DDR4 sizilowana, kampata kake kali posiyana. Mukakakamiza muthyola.

Chachitatu ndi chosungira. Makompyuta akale ambiri amabwera ndi hard disk yozungulira, yochedwa komanso yaphokoso. Kuikamo SSD ndiye kusintha kumene mungakuone tsiku lomwelo. SSD ya 256 GB ikwana Windows ndi mapulogalamu, ndipo hard disk yakaleyo isungire nyimbo zomalizidwa. Kumbukirani kuti mphindi imodzi ya WAV ya sitiriyo imadya pafupifupi 10 MB, ndipo nyimbo imodzi imakhala ndi ma track ambiri.

Nanga graphics card? Isiyeni. Imeneyo ndi ya anthu a magemu ndi makanema. Ndalama yake tigulire audio interface, ngati Behringer UMC22 kapena Focusrite Scarlett Solo. Kabokosi kameneka ndi kamene kamalandira maiki ndi gitala, ndipo kamapereka 48V imene maiki ya condenser imafuna. Kamachepetsanso kuchedwa kwa mawu m'mahedifoni. Mukaika buffer pa 128, mawu amachedwa pafupifupi 3 ms mbali imodzi. Pa 1024 zimapitirira 20 ms, ndipo woimba amayamba kusokonezeka. Choncho pojambula tsitsani buffer, pochita mix ikwezeni kuti kompyuta ipume.

Tsopano nkhani ya magetsi, imene tonse tikuidziwa. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW, ndipo mukukumbukira mdima unatsatira. Desktop ilibe batire. Magetsi akathima mukujambula, zonse zosasevedwa zapita, nthawi zina ndi disk yomwe. Ndiye UPS si chinthu chodzagula m'tsogolo, ikhale pa bajeti yoyamba. Siigwira nthawi yaitali, koma imakupatsani mphindi zoti museve n'kuzimitsa bwinobwino. Kuno kwathu kulinso chiperoni ndi ziphaliwali. Bokosi lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma lonyowa, ndipo mvula ya mabingu ikayamba, zulani pulagi.

Za mapulogalamu, ndikudziwa ambiri timakonda FL Studio. Koma ma crack opatsirana pa fulashi ndi amene amabweretsa mavairasi. Audacity ndi LMMS ndi zaulere. Reaper mukhoza kuiyesa masiku 60, ndipo siilemetsa makina. Ife amene tikufuna kudzalembetsa nyimbo zathu ku COSOMA kuti ena asatibere, tisayambe ndi kuba za anzathu.

Tsiku logula, safunsa anadya phula. Tipite anthu awiri kapena atatu. Makina ayatsidwe ife tikuona. Titsegule Task Manager, tione purosesa ndi RAM ngati zikugwirizana ndi zimene wogulitsa wanena. Tiyese mabowo onse a USB, timvetsere fani ngati ikulira kwambiri, chifukwa maiki idzatola phokoso limenelo. Lisiti likhale ndi nambala ya makinawo komanso masiku obwezera.

Ganizo langa ndi ili: tiyambe ndi kompyuta ya 8 GB, SSD ndi UPS. Kenako interface, maiki ndi mahedifoni. RAM yowonjezera ndi masipika zibwere nyengo yothyola tiyi ikatipatsanso kangachepe. Malemu Allan Namoko wa kuno ku Thyolo konkuno anatchuka dziko lonse ndi banjo, opanda kompyuta. Makinawa ntchito yake ndi kusunga bwino zimene inu mwaimba, ndiye poyembekezera tisasiye maprakatisi.

A msungichuma atiuze zimene zili m'thumba, kenako tivote lero lomwe. Amene muli ndi mafunso, kwezani mkono.