Manja Amene Asesa Nyumba Zathu

Ulaliki wolalikidwa ku Area 23, Lilongwe. Mau ace acokera pa Deuteronomo 24:14-15.

Abale ndi alongo okondedwa, ndi inu aphunzitsi amene mudzawerengera anthu anu mau awa, cherani khutu.

M'mbandakuca, nkhuku zisanatsike, amai ndi anyamata ambiri a muno aturuka m'nyumba zao, nayenda pansi kunka ku City Centre, ku Capital Hill ndi ku Old Town. Nchito yao ndiyo kusesa, kukolopa, kutsuka zimbudzi ndi kupukuta mazenera. Akuru pofika apeza ponse pali mbee, koma dzina la woyeretsayo salidziwa. Pakuti masiku ano ofesi kapena banki kawirikawiri siilemba yokha wosesa. Ipangana ndi kampani yoyeretsa, ndipo kampaniyo ndiyo ifuna anthu, nigula sopo, matsace ndi magolovesi kwa ena. Cotero ukhondo umene tiuona wadzera m'manja ambiri. Funso lathu lero ndi ili: kodi mwa manja onsewo mulibe omangidwa?

Lamulo la Mose lifuna kuti waganyu wosauka, ngakhale ali mlendo, alandire zace tsiku lomwelo. Ife a dziko lino tidziwa cotuluka pamene lamulo lotere linyozedwa. Kale thangata anali kuthandizana kulima. Koma m'minda ya Azungu ku mapiri a Shire anasanduka nchito yokakamiza, yolipira malo okhalapo. Kuwawa kwace pa minda ya A. L. Bruce ku Magomero kunali cimodzi ca zimene zinautsa John Chilembwe m'caka ca 1915. Lero ndime 27 ya Malamulo Akuru a dziko iletsa ukapolo ndi nchito yokakamiza. M'caka ca 2015 kunaikidwa lamulo loletsa kuzembetsa anthu. Ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti wa m'minda ya fodya. Koma thangata sanafe, abale, wangosintha zobvala. Bungwe la ILO linawerenga kuti mu 2021 anthu 27.6 miliyoni pa dziko lonse anali m'nchito yokakamiza.

Taonani golovesi imene wotsuka cimbudzi abvala. Magolovesi ambiri a pa dziko apangidwa ku Malaysia. Kumeneko amuna ocokera ku Nepal ndi ku Bangladesh anayamba alipira ndarama zambiri kwa owapezera nchito, nakongola kuti atero. Ndipo ngongoleyo inawamanga, osakhoza kucoka. M'caka ca 2020 dziko la America linakana magolovesi a kampani yaikuru ya Top Glove cifukwa ca ici. Kampaniyo inabwezera anchito ndarama zao, ndipo mu 2021 ciletso cinacotsedwa. M'caka comweco ca 2020 America inakananso mafuta a kanjedza a makampani awiri a ku Malaysia, ndiwo mafuta a mtundu umene upangira sopo wambiri. Phunzirani apa: anthu aja anapumula cifukwa wogula anafunsa, nakana.

Kodi izi nza kutali? Iai ndithu. M'caka ca 2024 wailesi ya BBC inaulula za akazi a Malawi amene ananyengedwa ndi malonjezo a nchito yabwino ku Oman. Atafika analandidwa mapasipoti, natsekeredwa m'nyumba za eni, akusesa ndi kucapa usana ndi usiku. Ena anamenyedwa, ena anacitidwa zamanyazi. Oposa 50 anabwerera kwao, Mai Pililani Mombe Nyoni atawasonkhanitsa pa WhatsApp ndi kuwapfuulira. Amenewo ndiwo ana athu, osesa onga a muno. Akuru anati, caona mnzako capita, mawa ciona iwe.

Nanga thangata wa lero timzindikira bwanji? Zizindikiro zace nzinai. Coyamba, munthu alipira kuti alembedwe, kapena ayamba nchito ndi ngongole ya yunifolomu ndi zipangizo, imene siitha. Caciwiri, kapitao asunga citupa cace ca unzika kapena pasipoti yace. Cacitatu, malipiro acedwetsedwa mwezi ndi mwezi, kuti wanchito aope kucoka angataye zonse. Cacinai, aopsezedwa akadandaula. Pamene pali cimodzi ca izi, pamenepo pali cingwe, ngakhale maso saciona.

Tsono ndinena ndi inu eni makampani oyeretsa, pakuti ena a inu mukhala pa mipando yomweyi. Musalandire kanthu kwa wofuna nchito. Mlembereni cipangano m'cinenero cimene amva, ndipo mumpatse cace. Mlipireni pa tsiku lace, m'dzanja lace kapena pa foni yace, osadzera kwa kapitao. Ndipo musatsike pansi pa malipiro ocepetsetsa amene boma liika. Mpatseni magolovesi ndi majombo kwaulere, pakuti mankhwala otsukira aocha khungu. Musalembe mwana wosafika zaka 14, pakuti lamulo la nchito la 2000 likaniza. Ndipo funsani wokugulitsani matsace: awamanga ndani, kodi si ana amene anayenera kukhala pa sukulu? Funsani wa sopo ndi magolovesi kumene katundu wace acokera; akakana kunena, funani wina.

Ndinenanso ndi inu ocita zipangano m'maofesi. Mukasankha kampani ya mtengo wotsikitsitsa, werengani pa pepala: kodi ndarama izi zikwana kulipira osesa onse monga mwa lamulo? Zikapanda kukwana, dziwani kuti cotsalaco cidzacotsedwa pa mbale ya ana a wosesa. Musanene kuti, si wanchito wanga. Pansi pamene mupondapo anakolopa ndiye. Mdziweni dzina, mumfunse pa yekha ngati walandira, ndipo inunso musacedwe kulipira kampaniyo.

Ndipo inu osesa, nchito yanu njolemekezeka, musaicitire manyazi. Citupa canu cikhale kwa inu. Lembani masiku amene mwagwira. Akakumanani zanu, pitani awiri kapena atatu ku ofesi ya za nchito ya boma, pakuti mutu umodzi susenza denga. Aphunzitsi, cenjezani atsikana kuti asakhulupire mlendo wa pa Facebook wolonjeza nchito kutsidya la nyanja, asanafunse ku ofesi yomweyo.

Abale, nyumba ikhoza kunyezimira, koma ngati woisesa anagona ndi njala cifukwa ca malipiro omanidwa, pamaso pa Mulungu nyumbayo siinayere. Mawa mukalowa pamalo posesedwa, kumbukani manja aja, ndipo mufunse. Ambuye atipatse mtima wacilungamo. Amen.