Madzi Akumwa ndi Udindo wa Atsogoleri: Phunziro la Damu la Chivero



1. Malembo Oyera amatiphunzitsa kuti dziko lapansi tidalilandira ngati akapitawo amene adzayankhe kwa Mwini wake (Gen. 2:15). Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya mu 2015, adatikumbutsanso kuti madzi abwino akumwa ndi ufulu wa munthu aliyense. N'chifukwa chake lero tikufuna tilingalire nanu za damu limodzi limene lawonongeka anthu akuona.

2. Damu la Chivero, ku Zimbabwe, lidamangidwa mu 1952 pa mtsinje wa Manyame. Ndilo limamwetsa mzinda wa Harare, kumene kuli abale athu ambiri omwe makolo awo adachokera kuno kukagwira ntchito. Damuli lili kumunsi kwa mzindawo, choncho zonyansa za m'zimbudzi, za m'mafakitale ndi feteleza wokokoloka m'minda zimatsikira m'madzi omwewo amene anthu amamwa.

3. Zonyansazi zimakhala ndi nayitrojeni ndi fosiforasi, chakudya chomwe chija chimakulitsa chimanga. Zikachuluka m'madzi, ndere ndi namasupuni zimaswana mopitirira muyeso. Zomerazi zikafa n'kuyamba kuwola zimatha mpweya wa m'madzi, nsomba n'kumafa. Ndere zina zimatulutsa poizoni, ndipo madzi otere amafuna mankhwala ambiri odula kuti ayere.

4. Zotsatira zake n'zomvetsa chisoni. Mu 2008 ndi 2009, mipope ya madzi ndi ya suweji itawonongeka, kolera idapha anthu oposa 4,000 m'dzikolo. Mu Seputembala 2019, malo oyeretsera madzi a Morton Jaffray adatsekedwa kwa kanthawi chifukwa chosowa mankhwala. Mu Disembala 2024, zipembere zinayi zidafa zitamwa madzi a m'damuli. Wolemera amakumba mjigo pakhomo pake kapena kugula madzi a m'botolo. Wosauka amamwa zomwe wapeza.

5. Abale ndi alongo, damu silionongeka tsiku limodzi. Limaonongeka pamene ndalama za misonkho sizifika kokonza masuweji, pamene wophwanya malamulo salangidwa chifukwa cha ziphuphu, ndiponso pamene malo a m'madambo agawidwa mwachinyengo. Imeneyi ndi nkhani ya ulamuliro.

6. Akulu adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kuno kwathu namasupuni wa mu Shire wakhala akusokoneza makina a magetsi ku Nkula, ndipo mitsinje ya Mudi ndi Lilongwe yasanduka kotayirako zinyalala.

7. Choncho tikupempha makhonsolo ndi mabungwe ogulitsa madzi kuti aziulula poyera momwe madzi athu alili ndi momwe ndalama zayendera. Tikupempha aphungu ndi makhansala kuti aonetsetse kuti malamulo oteteza chilengedwe akugwira ntchito mopanda tsankho. Inu Akhristu anzathu, m'miphakati yanu kambiranani za mtsinje umene muli nawo pafupi. Lekani kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kumbani zimbudzi kutali ndi zitsime, ndipo musaope kufunsa amene mudawasankha.

Ambuye, kasupe wa madzi amoyo, atipatse nzeru ndi kulimba mtima. Amen.